Makina ogulitsa okha zinthu: mafunso ndi mayankho pa za makhadi, netiweki ndi sisitemu

Ndatha zaka zingapo ndikuyenda ndi vani kuno ku England kuika katundu m'makina ogulitsa zakumwa ndi zokhwasulakhwasula, aja mumawaona m'zipatala, m'masiteshoni a sitima ndi m'mafakitale, munthu amangodina batani botolo n'kugwa. Kuno amati vending machine. Nde anthu akhala akundifunsa, ena ali konkuno akufuna agule makina awiri atatu ikhale geni yapambali, ena ali kumudzi akuti kodi zimenezi sizingatheke ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mafunso ake amabwera ofananafanana ndiye ndati ndingowayankha pamodzi.

Chomwe ndimauza aliyense poyamba n'choti makinawa ndi shopu yopanda wogulitsa. Mu golosale wamba muli munthu, amalandira ndalama, amalemba m'kope, shuga akatha amaimbira abwana foni. M'makina mulibe munthu ameneyo, ntchito yake yagawidwa kwa kachipangizo kolandira khadi, ka SIM, ndi sisitemu ya pakompyuta, ndipo zitatuzi zikapanda kumvana mumataya ndalama osadziwa n'komwe kuti zikutayikira pati.

Achemwali, ndapeza makina akale otchipa a makoini. Angathe kulandira khadi kapena mpaka ndigule atsopano?

Ambiri amatha, koma musanapereke ndalama tsegulani chitseko muyang'ane mkati, paja safunsa adadya phula. Funsani ngati makinawo ali ndi MDB. MDB ndi chilankhulo chomwe ubongo wa makina umayankhulirana ndi zipangizo zolandira ndalama, chidayambira ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya Coinco ndi yomwe idachikonza pogwira ntchito ndi Coca-Cola, kenako NAMA, bungwe la makampani a makinawa ku America, lidachitenga kukhala cha onse. Mkati mumaona kawaya kokhala ndi pulagi ya mabowo 6, pa kawaya komweko pamalumikizidwa cholandira makoini, cholandira ndalama zamapepala, ndipo cholandira khadi chimangolowa pamzere womwewo n'kumatenganso moto pompo. Ngati MDB ilipo ntchito yake ndi yoboola chitseko, kumanga kachipangizo, kulumikiza, basi.

Vuto limakhala pa makina akale kwambiri, makamaka a khofi a ku Ulaya kuno, ambiri amayankhula chilankhulo china chakale chotchedwa Executive. Amenewo amafuna kachipangizo kodziwa Executive kapena kabokosi kena komasulira pakati, ndipo pena mtengo wa zonsezo umaposa mtengo wa makina enieniwo. Komanso pali ena ali ndi MDB koma pulogalamu ya mu bodi ndi yakale, imalandira khadi bwinobwino koma siiuza kachipangizo kuti chagulidwa n'chiyani. Amenewa amakupusitsani chifukwa ndalama zimalowa ndithu, koma lipoti la katundu limakhala lopanda mutu.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni munthu akagunditsa khadi paja?

Zimaoneka ngati kuphethira kwa diso koma mkati muli kukambirana. Kachipangizo kamawerenga khadi kapena foni, kamatumiza uthenga kudzera pa SIM kupita ku kampani yoyendetsa malipiro, iyo ifunsa Visa kapena Mastercard, iwonso afunsa banki ya mwini khadi kuti kodi munthuyu ndalama ali nazo. Banki ikavomera yankho limabwerera njira yomweyo, kachipangizo n'kuuza makina kuti mupatseni. Sipuling'i yomwe imagwira katundu pamzere izungulira, chokoleti chigwa, kenako makina amayankha kuti ndapereka, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimadulidwa zenizeni.

Pali njira ziwiri. Makina ena umayamba wasankha chinthu kenako n'kugunditsa khadi, banki imafunsidwa mtengo weniweniwo. Ena umayamba wagunditsa khadi usanasankhe, nde poti makina sakudziwa kuti utenga chiyani amayamba agwira ndalama yokwererapo mu akaunti, ukasankha amadula yoyenera n'kumasula yotsalayo. Kumasulako sikuchitika pompopompo, zimatengera banki, pena mpaka masiku. Madandaulo ambiri omwe timalandira amachokera apa, munthu wagula madzi a £1.20 koma pa foni pake akuona yochuluka, akuti mwandibera. Ngati makina anu ndi a mtundu wachiwiriwu chonde matani kapepala kofotokoza bwinobwino pafupi ndi kachipangizoko, pamodzi ndi nambala yoti aimbe. Ine ndikanakhala kuti ndikusankha ndekha ndikanatenga yoyamba ija nthawi zonse.

Nanga ikadya ndalama koma chinthu osagwa?

Makina abwino ali ndi timaso pansi pomwe zinthu zimagwera, timaona ngati chadutsa chinthu. Chikapanda kudutsa sipuling'i imazunguliranso pang'ono, zikakanikabe makina amauza kachipangizo kuti sindinapereke ndipo ndalama sizidulidwa. Makina opanda timaso timeneti amangoti bola mota yazungulira ndiye kuti ndagulitsa, paketi ya makirisipi ili lende pagalasi. Pogula makina akale izi muziyese ndi dzanja lanu, chotsani katundu pamzere umodzi mugule pamenepo muone ngati akubwezereni.

Makampani a makhadiwa amadula zingati?

Mitengo imasiyana ndipo imasinthasintha, koma kapangidwe kake ndi kamodzi. Mumagula kachipangizo kapena kubwereka, mumalipira ndalama ya mwezi ndi mwezi ya SIM ndi sisitemu pa makina aliwonse, kenako pa chilichonse chogulidwa amadulapo kachigawo. Kuno ku UK gawo lomwe banki ya mwini khadi imatenga lili ndi malire, 0.2% pa khadi ya debit ndi 0.3% pa ya credit, koma imeneyo si ndalama yonse, kampani yomwe mwasainirana nayo imaikapo zake pamwamba.

Chenjerani kwambiri ndi kontirakiti yodula ndalama yokhazikika pa kugula kulikonse. Tiyerekeze akuti 10p nthawi iliyonse, pa shopu yogulitsa nsapato imeneyo si kanthu, koma inu mukugulitsa chinthu cha £1, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 10 lapita musanachotse mtengo woodera, mafuta a vani ndi komishoni ya mwini malo. Komanso kuyambira mu January 2018 malamulo akuno salola kuonjezera kandalama kapadera chifukwa munthu walipira ndi khadi yake, ku America ena amatero koma kuno ayi, nde ndalama zodulidwazo muziwerengere mu mtengo wa chinthucho kuyambira pachiyambi.

Bwanji osangochotseratu kashi? Makoini ndi olemera, amakopa akuba

Ndikumvetsa, chifukwa amene amanyamula zikwama za makoinizo ndi ine. Komanso kashi ali ndi mtengo wake wobisika, boma likasintha ndalama makina onse amafunika kuphunzitsidwanso. Mu March 2017 kuno kudabwera £1 yatsopano ya makona 12, yakale yozungulira ija idasiya kugwira ntchito mu October chaka chomwecho, ndipo chaka cha 2016 anali atayamba kale kusintha ndalama zamapepala kukhala zapulasitiki kuyambira ndi £5. Aliyense wokhala ndi makina adalipira kuti zipangizo zake zizindikire ndalama zatsopanozo. Ku Japan, komwe makinawa ali paliponse mpaka m'tinjira ta kumidzi, zidawachitikira mu 2021 ndi koini yatsopano ya 500 yen, kenako mu July 2024 ndi ndalama zatsopano zamapepala, anthu ankapezeka ali ndi ndalama m'manja makina akuikana. Khadi ilibe zimenezo. Ndipo chichokereni Covid anthu ambiri kuno sayendanso ndi makoini, malire a ndalama yolipira pongogunditsa khadi popanda PIN (contactless) adakwera kuchoka pa £30 kufika £45 mu 2020 kenako £100 mu October 2021.

Koma ine pa nkhani yochotseratu kashi ndimakaika, ndipo ndinene chifukwa chake. Pa fakitale ina yomwe ndimapitako m'bandakucha pali anthu ogwira shifiti ya usiku, ambiri ndi obwera ngati ife, ena angofika kumene akaunti ya kubanki sinatheke, ena khadi ilipo koma ili pa ziro mpaka Lachisanu, zomwe ali nazo ndi makoini am'thumba. Kantini imakhala yotseka, shopu ili kutali, makina aja ndiye chakudya chawo cha 3 koloko usiku. Ndidaona bambo wina wachikulire ataima kutsogolo kwa makina omwe anali atachotsedwa kashi, makoini ali m'dzanja, akufufuza pobowola pomwe adatsekapo ndi kachitsulo. Sadayankhule kanthu, adangobweza ndalama m'thumba n'kubwerera kuntchito. Zidandikhudza kwambiri. Muofesi ya anthu a matayi chotsani kashi palibe adandaule, koma m'chipatala, pa fakitale, pa siteshoni, siyani zonse ziwiri. Ubwino wake sisitemu imakuuzani kuti pa makina awa ndi angati akulipirabe kashi, nde musaganizire, onani manambala a malo amenewo.

Chinanso, nthawi zina banki imafuna munthu alowetse PIN akagunditsa khadi kambirimbiri motsatizana, ndipo tizipangizo tambiri ta pamakina tilibe mabatani a PIN, khadi imangokanidwa. Kashi ikakhalapo munthuyo amagulabe.

Pamalopo pali Wi-Fi yaulere, ndilipirirenji SIM?

Wi-Fi ya eni malo si yanu. Tsiku lina asintha pasiwedi osakuuzani, tsiku lina a IT awo atseka chipangizo chilichonse chomwe sakuchidziwa, ndipo malo ambiri akuluakulu salola n'komwe kuti zamalipiro zidutse pa netiweki yawo. Data yomwe makina amadya ndi yochepa zedi, si mavidiyo, ndi timauthenga chabe. Tizipangizo tambiri timabwera ndi SIM yake kale, ndipo funso lofunika ndi loti kodi SIM imeneyo imagwira netiweki imodzi kapena imatha kudumphira pa ina iyi ikafooka. Tengani yodumphayo.

Ndipo musanavomere malo pitani mukaime pomwe makina adzakhale penipenipo, osati pakhomo. Pa chipatala china makina athu adaikidwa pansi penipeni pafupi ndi zipinda za X-ray, zipupa zake zokhuthala, kachipangizo kamangoti kalumikiza kadula kalumikiza kadula. Manesi ankati makina anu amasankha anthu. Ndidakafika ndidapeza kuti antena yake, kachinthu kakang'ono ka maginito, woikayo adangoisiya mkati mwa makina, ndiye mukudziwa makina onsewo ndi bokosi lachitsulo, siginolo ilowera pati. Ndidaitulutsira kumbuyo n'kuimata pamwamba, kenako tidakankha makinawo pang'ono kuyandikira masitepe, mabala a siginolo adakwera ndikuona ndi maso. Sitidagule chilichonse. Malo ena zimenezi sizikwanira, pamafunika antena ya waya wautali kapena kupempha chingwe cha intaneti.

Ndaona zolandira khadi zogwiritsidwa kale ntchito zotchipa kwambiri, ndigule?

Muyambe mwafunsa kuti modemu yake, ija imagwira netiweki, ndi ya chiyani. Zambiri zotchipazo ndi za 3G, ndipo 3G kuno idazimitsidwa, Vodafone ndi EE adamaliza kumayambiriro kwa 2024. Ku America AT&T idazimitsa mu February 2022, Verizon kumapeto kwa chaka chomwecho. Zina zimathawira pa 2G n'kumagwirabe, koma boma ndi makampani a mafoni kuno adagwirizana kuti 2G nayo ikhale itachoka pofika 2033. Gulani ya 4G. Komanso kachipangizo kamakhala kolembetsedwa m'dzina la mwini wake woyamba, akapanda kukamasula ku kampaniyo simungakalembetse m'dzina lanu, mwangogula chidole.

Netiweki ikadula ndiye kuti malonda aima?

A kashi amapitirira. A khadi zimatengera momwe kachipangizo kadatcheredwera, ena amakana zonse mpaka netiweki ibwere, ena amalola tindalama tochepa n'kusunga kuti adzatumize pambuyo, koma ngati khadiyo idzapezeke kuti ilibe ndalama oluza ndinu. Wogula ndi Apple Pay kapena Google Pay foni yake sifunika kukhala ndi bandulo nthawi imeneyo, ofunika netiweki ndi makina anu.

Zoti telemetry, DEX, VMS, ndi chiyani? Kodi munthu wa makina ochepa akufunikadi zimenezi?

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse, khadi ija ndi khomo chabe. Makina aliwonse amakono amasunga kaundula mkati mwake, kuti mzere uwu wagulitsa kangati, makoini alowa angati, mu machubu a chenji mwatsala zingati, chitseko chatsegulidwa liti, magetsi adazima kangati. Kaundula ameneyu amatuluka m'njira yotchedwa DEX, ku Ulaya amati EVA-DTS. Kale munthu ankabwera ndi kachipangizo kam'manja n'kulumikiza kuti akope. Telemetry ndi pamene SIM ija ikutumiza kaundulayu yokha inu muli kunyumba. VMS ndi pulogalamu yomwe imalandira zonsezo n'kukuuzani chochita.

Ndikuuzeni kusiyana kwake pa ntchito yanga. Kale tinkadzaza vani ndi chilichonse, kufika pamalo, kukwera masitepe kukatsegula makina, kuwerenga zomwe zatha, kutsika kukatenga ku vani, kukweranso. Pena wayenda mtunda wautali kukapeza makina ali odzaza, pomwe ena mbali ina madzi adatha dzana. Pano usiku sisitemu imawerengera kuti mawa apite makina ati, ndipo kosungira katundu amalongedzeratu kabokosi ka makina aliwonse, muli zokhazo zomwe zikufunika, Coke 14, madzi 9, KitKat 6, chonchi. Amati prekitting. Ndimakwera kamodzi, ndimadzaza, ndimadina pa foni kuti ndadzaza, ndapita. Msana umapuma, mafuta amapulumuka.

Imakuimbiraninso belu zinthu zikavuta. Makina akapanda kugulitsa kwa maola angapo pamalo pomwe pamakhala anthu uthenga umabwera. Tidali ndi makina ena omwe ankazima madzulo aliwonse nthawi yofanana, pofufuza tidapeza kuti okolopa ankazula pulagi kuti alumikize chopopera fumbi n'kuiwala kubwezera, popanda uthenga uja tikanangoti malowo sayenda malonda. Imakuuzaninso mzere womwe sukuyenda kuti musinthe katundu asanapitirire deti, ndipo pa makina ena mutha kusintha mitengo muli pampando, zomwe zidathandiza anthu mu April 2018 pomwe msonkho wa zakumwa za shuga udayamba kuno.

Ngati muli ndi makina awiri pafupi ndi kwanu kope ndi bolopeni zikwanira pa nkhani ya sitoko, ngakhale poti SIM mukulipira kale bwanji osamaona malipoti. Akafika khumi kapena ali motalikirana musayese kusunga m'mutu.

Ndiye kuti sisitemu siinama?

Imanena zomwe mwaiuza. Iyo siiona kuti pa mzere wa A3 pali chiyani, imangodziwa kuti A3 yazungulira. Mumayenera kuilembera mapu, kuti A3 ndi makirisipi amchere ndipo amalowa 12. Tsiku lina munthu wogwirizira adasintha katundu m'makina ena, pomwe panali chokoleti adaikapo mabisiketi chifukwa ndi zomwe anali nazo, osasintha mu sisitemu. Kwa masabata ndinkangolandira kabokosi kodzaza chokoleti chomwe chilibe pokhala, mabisiketi atha mzere uli mbee, lipoti likuti chokoleti chikuyenda kwambiri. Palibe chidaonongeka, mapu okha ndi omwe adasiyana ndi zenizeni. Lamulo langa ndi loti ukasintha chinthu m'makina usinthe pa foni usanatseke chitseko, osati ndikakonza madzulo, madzulo umakhala watopa waiwala. Ndipo kamodzi pakanthawi werengani ndi manja muyerekeze ndi zomwe kompyuta ikunena.

Ndikalemba mnyamata wotolera ndalama ndingadziwe bwanji kuti sakundibera?

Pa ulendo uliwonse makina amanena kuti kuyambira pomwe adatsegulidwa komaliza mwalowa kashi wochuluka bwanji, nde chikwama cha makina aliwonse chikhale chake chokhala ndi nambala, chiwerengedwe pachokha n'kuyerekeza. Kusiyana pang'ono kumachitika, makoini ena amapita m'machubu a chenji, ena amakodwa, musathamangire kunena munthu kuti wakuba musanaone zimenezo. Ineyo ndimaikonda njirayi chifukwa imatetezanso ife ogwira ntchito, palibe angakunamizire manambala alipo. Mbali ya makhadi nayonso muziiyang'ana, zomwe sisitemu ikuti zagulidwa ndi khadi, kuchotsa zodulidwa, zifanane ndi zomwe zalowa ku banki. Ambiri saona n'komwe, amangokhulupirira.

Nditenge zonse ku kampani imodzi kapena ndisakanize?

Mayina omwe mudzakumane nawo ndi monga Nayax ya ku Israel, Cantaloupe ya ku America yomwe kale inali USA Technologies, Televend ya ku Croatia, Vendon ya ku Latvia, ndi ena. Kwa woyamba kumene kutenga kachipangizo, SIM ndi sisitemu malo amodzi n'kosavuta, chikavuta mumaimba nambala imodzi ndipo palibe zolozerana zala. Kuipa kwake mwamangidwa. Musanasaine funsani kuti kontirakiti ndi ya zaka zingati, mukafuna kuchoka mulipira chiyani, kachipangizo kangagwire ntchito ndi kampani ina, ndalama zimalowa ku akaunti patapita masiku angati, komanso ngati mungathe kutulutsa mbiri ya malonda anu n'kupita nayo. Mbiri imeneyo ndi chuma chanu, tsiku lomwe mudzafune kugulitsa bizinesiyo wogula adzafuna aone imeneyo.

Makhadi a anthu ndi otetezeka? Akaberedwa mlandu ndi wanga?

Mukagwiritsa ntchito kachipangizo kovomerezeka ka EMV (muyezo wa makhadi a chipu) kuchokera ku kampani yotsatira malamulo a PCI oteteza makhadi, nambala ya khadi imabisidwa momwemo, siidutsa mu ubongo wa makina ndipo inu simuiona. Musayerekeze kulumikiza zanuzanu zosadziwika kochokera. Mu July 2017 ku America kampani ya Avanti Markets, ya timashopu todzigulitsa tokha ta m'maofesi, idalengeza kuti makina ake ena adalowedwa ndi pulogalamu yoba za makhadi, ndiye si nthano. Mbali yanu ndi yoyang'ana pofika ngati wina sadamatepo kanthu pa kachipangizo, kapena kumata QR code yake pamwamba pa yanu, komanso pasiwedi ya sisitemu isamayende pa WhatsApp.

Za makamera samalani. Mu February 2024 pa University of Waterloo ku Canada sikirini ya makina ogulitsa maswiti idaonetsa uthenga wa vuto wokhala ndi dzina la pulogalamu yoona nkhope, ophunzira adakwiya kuti palibe adawauza, mpaka sukuluyo idalamula kuti makinawo achotsedwe. Munthu wabwera kudzagula madzi, musamutengere zomwe sadakupatseni.

Anti, nanga kwathu ku Malawi zingayende?

Funsoli limandisangalatsa koma ndiyankha mosabisa. Makina a makoini iwalani, K10 yachitsulo igula chiyani lero. Ndalama zamapepala nazo ndi vuto, cholandira chake chimafunika chiphunzitsidwe kuzindikira kwacha, ndipo ndalama zathu zambiri zimakhala zofewa zothaitha chifukwa zadutsa m'manja ambiri, makina amazilavula. Kuonjezera apo mitengo siikhazikika, mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44% tsiku limodzi, K5,000 idangobwera mu 2022, nde makina oti kusintha mtengo mpaka upiteko akuvutitsani. Ndiye kwathu kulipira popanda kashi si zokongoletsa ngati kuno, ndiye njira yake yeniyeni, ndipo si khadi kwenikweni koma Airtel Money ndi Mpamba, anthu adazolowera kale *211# ndi *444#.

Zimayenda chonchi, munthu asankha chinthu n'kulemba nambala yake ya foni pa makina kapena kujambula QR, pa foni pake pabwera uthenga woti alowetse PIN, ndalama zikachoka kampani ya foni iuza seva yanu (kompyuta yolandira mauthenga a malipiro), seva iuza makina kudzera pa SIM kuti pereka. Mwaona kuti apa njira yatalika, ndipo malo oopsa ali pakati pomwepo. Ndalama zachoka pa foni ya munthu, uthenga wachedwa chifukwa netiweki yagwa, iye wadikira mpaka watopa n'kumapita, patapita mphindi makina agwetsa Fanta n'kutola wina wodutsa. Zikachitika kawiri katatu mbiri imafala kuti makina aja ndi akuba ndipo palibe adzayandikirenso. Wokulemberani pulogalamu mumupanikize pa zimenezi, pakhale malire a nthawi, ikadutsa makina asapereke ndipo ndalama zibwerere zokha, komanso malipiro amodzi asatulutse zinthu kawiri uthenga ukabwerezedwa. Gwirani ntchito ndi kampani yamalipiro yololedwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo za modemu ndi SIM funsani ku MACRA musanaitanitse, pamodzi ndi msonkho wa MRA.

Komanso tisamaone ngati nzeruzi ndi zachilendo kwathu. Mita ya ESCOM ya mayuniti ija ndi makina ogulitsa okha, mumagula pa foni n'kulandira manambala 20, mita imazindikira yokha kuti manambalawo ndi enieni popanda intaneti. Nzeru imeneyo ingathandize kwambiri pamalo pomwe netiweki ndi yofooka, foni ya wogula ndi yomwe imanyamula umboni. Ku Lilongwe kuli makiyosiki a madzi a e-Madzi omwe anthu amatunga ndi kakhadi, ku Mathare ku Nairobi adayamba zangati zomwezo mu 2015. Kwa ine mwayi waukulu uli kumeneko, pa zinthu ngati madzi, kuposa makirisipi. Chifukwa pa zokhwasula mukulimbana ndi amayi a mandasi ndi kahokala ka pakona komwe kamapereka ngongole komanso kamakudziwani dzina, masana simungawapose. Makina amawina pomwe munthu sangakhale, usiku m'chipatala, m'mahositelo a ophunzira, pa bwalo la ndege, malo otetezeka okhala ndi mlonda.

Makina ogula ku UK angagwire pa magetsi akwathu? Nanga kuzimazima kuja?

Angagwire, magetsi ndi ofanana 230V ndipo pulagi ndi yomweyo ya mano atatu. A ku America ndi a 120V, amenewo mpaka transformer ndipo filiji yake ikhoza kuvutika, asiyeni. Kachipangizo ka khadi ka UK kokha musadalire kuti kakagwira kumudzi, kadalembetsedwa ku mabanki akuno ndi ndalama yakuno, chomwe mukutenga ndi makina okhala ndi MDB, zolipirira mukapezere komweko.

Kuzima kwa magetsi kumaononga pawiri. Pobwera amabwera ndi mphamvu n'kuotcha bodi, ndiye fridge guard kapena surge protector ikhalepo tsiku loyamba lomwe. Ka UPS kakang'ono, kabokosi ka batire kosunga moto, kangathe kusunga bodi ndi modemu kuti malonda omwe ali pakati amalizike ndiponso makina akutumizireni uthenga kuti moto wapita, koma kompuresa ya filiji imadya kwambiri, imeneyo imafuna inveta yamphamvu kapena malo okhala ndi jenereta. Kuno chakudya chofunika kuzizira monga masangweji lamulo limati chisapitirire madigiri 8, ndipo makina a zakudya zotere ali ndi loko yoti kutentha kukakwera kwa nthawi amakana okha kugulitsa mizere imeneyo mpaka munthu abwere adzaone. Loko imeneyo musaichotse ngakhale wina akuuzeni kuti ikukuluzitsani, yogati woonongeka m'chipatala akhoza kupweteka wodwala. Poyamba ikani zosaonongeka, madzi, mabisiketi, mtedza, zakumwa za m'mabotolo, muone kaye kwa miyezi iwiri itatu kuti lipoti likuti magetsi pamalopo amazima kangati ndiponso kwa maola angati, za mkaka mudzaganize mutaona manambala amenewo.